Mnzathu amene anatsala panjira

M'makalasi athu a akulu timamva mau amodzimodzi caka ndi caka. Munthu wa ana ace ndi zidzukulu amagwira pensulo, dzanja likunjenjemera, nanena kuti: "Aphunzitsi, mutu wangawu ngwouma. Sukulu inandikana kalekale." Kodi nzoona kuti sukulu imakana munthu? Kodi amene anamaliza ndiye wanzeru, ndipo amene anasiya ndiye wopusa? Ife amene tiri ndi pepala la uphunzitsi tiyenera kuyankha funso limeneli mosabisa. Kuti tiyankhe bwino, tikuuzani za mnzathu wina amene tinakhala naye pa benci limodzi. Dzina lace sitichula, cifukwa ali moyo ndipo ena a inu mumagula naye mbatata.

Tinayamba kalasi 8 m'caka ca 2015. Inu mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Juni ndi Julai, pamene nkhungu imaphimba phiri la Domwe mpaka dzuwa litakwera. Mnzathuyu anali kudzuka kusanace, nayenda mtunda wa maola awiri, kudutsa dambo, mapazi ali nyowe ndi mame. Pofika m'kalasi zala zinali zitauma, koma kope lace linali loyera kuposa athu onse.

Cimene cinali kutibvuta tonse cinali Cipwitikizi. Kunyumba Cinyanja, kumunda Cinyanja, kumsika Cinyanja, koma polowa pa khomo la kalasi, cinenero cina. Aphunzitsi a masamu anali kufotokoza bwino ndithu, koma mau ace anali kutidutsa pamwamba ngati mbalame. Iwo akangotuluka, mnzathuyu anali kutembenuka nanena kuti: "Musabvutike. Tiyese kuti bambo ali ndi dimba limodzi ndi ana atatu. Wina wagulitsa theka la mbali yace. Catsala nciani?" Pamenepo ife tinali kuona dimbalo ndi maso, ndipo manambala anali kukhala pansi. Tsiku lina anali kugawa nzimbe, tsiku lina matumba a kacewere. Ambiri amene tinapambana mayeso a caka cimeneco tinapambana ndi nzeru zobwereka kwa iye. Iye anali kufuna kudzakhala namwino. Loweruka anali kugulitsa mbatata kuti agule makope.

M'caka ca 2016, tiri mu kalasi 9, anapezeka ndi pakati. Anali ndi zaka 15. Mwini mimbayo anali munthu wamkulu, wamalonda, wa njinga yamoto. Masiku amenewo panali lamulo, lokhazikitsidwa mu 2003, lonena kuti mtsikana wa pakati acoke m'kalasi la masana, azikaphunzira usiku. Mwina m'tauni, mmene muli magetsi ndi nyumba zoyandikana, mtsikana akanatha kutero. Koma kuno? Ndani angatume mwana wa pakati kudutsa dambo usiku, maola awiri popita, awiri pobwera? Lamulolo silinanene kuti "coka." Linangomuikira khomo pamalo pamene sakanafika. Patapita mwezi, malo ace pa benci anakhala munthu wina. Makolo anampereka kwa mwamunayo. Mwamunayo malonda ace sanaime ngakhale tsiku limodzi.

Lamulo lija linathetsedwa mu Disembala 2018. Caka comweco panatuluka lamulo lina lonena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Mu 2019 kunabweranso lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo wamkulu wocita zimenezi angathe kupita kundende. Onsewa ndi malamulo abwino. Kwa mnzathuyu anafika mbvula itatha.

Ife tinapitirira. Tinamaliza kalasi 10, tinacita maphunziro a uphunzitsi, ndipo lero tikuima patsogolo panu ndi coko m'manja. Tsono tidzifunse: tinampambana ndi ciani? Ndi nzeru? Iai. Wina wa ife anali ndi njinga. Wina anali ndi amalume ku Ulongwe amene anamsunga pafupi ndi sukulu. Wina bambo ace anagulitsa fodya bwino caka cimene ndalama zinafunika. Wina anangobadwa mwamuna, ndipo mwamuna satenga pakati. Zonsezi dzina lace ndi mwai. Mwai suli woipa, koma munthu sayenera kuubvala ngati malaya amene anasoka yekha.

Tikudziwa kuti ena adzatsutsa. Adzati: "Kodi anamkakamiza ndani? Anasankha yekha. Munthu amakolola cimene wafesa." Mau amenewa tisawataye msanga, cifukwa muli coonadi pang'ono. Khama liripo. Ifenso tinali kudzuka m'mamawa, tinali kuwerenga ndi nyali ya parafini mpaka maso kuwawa. Ndipo alipo anyamata amene tinaphunzira nawo, a njinga ndi nsapato, amene anasiya sukulu cifukwa ca ulesi ndi kacasu basi. Sitinganene kuti aliyense wosiya sukulu analakwiridwa.

Koma taganizani. Mbali ino pali mwana wa zaka 15, wopanda sopo, wopanda nsapato, woyenda maola anai tsiku liri lonse. Mbali inayo pali munthu wamkulu amene akumuuza kuti: "Kwera, ndikakusiye." Kodi kumeneku ndiko kusankha? Ndipo ngakhale titabvomera kuti onse awiri anafesa, bwanji anakolola mmodzi yekha? Pa bwalo la anyakwawa, anthu awiri akadyetsa ng'ombe m'munda wa mwini, salipiritsa mmodzi nkumusiya mnzace apite akuimba mluzu.

Nkhani ya mnzathuyu ndi ya masiku ano, koma inu akuluakulu muli ndi zanu. M'nthawi ya Apwitikizi, mwana wa kumudzi akaphunzira, kawirikawiri kunali ku sukulu za mishoni monga Lifidzi, ndipo opitirira makalasi oyamba anali owerengeka. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1975, mwa anthu khumi, oposa asanu ndi anai sanali kudziwa kuwerenga. Mu 1978 inayamba nchito yaikuru yophunzitsa akulu m'dziko lonse, koma nkhondo inaidula pakati. M'zaka za m'ma 1980 masukulu ambiri kuno ku Angónia anatsekedwa, aphunzitsi anathawa, mabanja anaoloka malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere unasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Mwana amene anathawa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anabwerera ali mnyamata wogwira khasu, wocita manyazi kukhala pansi ndi tiana. Kodi ameneyo mutu wace ngwouma? Anasunga moyo wace ndi wa azing'ono ace m'zaka zimene anthu ophunzira ambiri sanapulumuke.

Ndiponso nkhani ya cinenero ija si yaing'ono. Zimene mnzathu anali kucita pa benci, anthu a maphunziro anaziyesanso. Kuyambira 1993 mpaka 1997, m'masukulu ocepa kuno ku Tete, ana anayamba kuphunzira m'Cinyanja, nkumalowa m'Cipwitikizi pang'onopang'ono. Kuyambira 2003 njira imeneyi inafika m'masukulu ena a pulaimale. Koma ambiri a inu munakumana ndi Cipwitikizi tsiku loyamba lenileni, muli ndi zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo mutakhala cete anakuyesani opusa. Munthu amene sanamve funso sanalephere yankho.

Tsono ngati sitinampambane ndi nzeru, tiri naye ciani mnzathuyu? Ena amati timumvere cisoni. Cisoni ncabwino pa maliro, koma munthu wamoyo sicimthandiza kanthu. Ife tikuti tiri naye ngongole. Kumudzi moto ukazima, umatuma mwana kukapala kwa mnansi. Nsima ikapsa, sunganene kuti moto ngwanga ndekha. Ndipo tsiku limene moto wa mnansiyo wazima, sumuyang'ana pa zenera uku ukuotha. Umatenga khala pa phale nkupita nalo.

Pali ophunzira ena amene sacita cotero. Akabwera kumudzi pa chuthi, amadutsa anzao akale ngati sakuwaona. Akawalankhula, amawalankhula m'Cipwitikizi, kuti aliyense amve kusiyana kwace. Ife timati munthu wotere wathawa ndi moto wa eni. Koma mpanda umamangidwanso mbali inayo. Tikakumana ndi mnzathuyu pa msika, iye amaimirira, napinda maondo, nati: "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" Munthu amene tinadya naye cimanga cokazinga ca m'thumba limodzi! Ulemu umenewo umatipweteka kuposa cipongwe. Timayankha ndi dzina lace la paubwana, ndipo pamafunika kuseka kawiri katatu kuti mpandawo ugwe.

Musaganize kuti ndi munthu womvetsa cisoni. Ali ndi ana atatu ndi dimba lalikuru la kacewere. Ogula akabwera ndi galimoto kucokera ku Tete, amatulutsa foni kuti awerengere matumba, koma iye amakhala atanena kale mtengo wonse. Akabwera a ku Malawi ndi makwacha, amawasandutsa mametikali m'mutu, ndipo palibe amene anamuberapo. M'gulu la amai losunga ndi kubwereketsa ndalama, buku amasunga ndiye. Nzeru zija sizinafe, zinangolowa njira ina, monga madzi a mtsinje ukautseka.

Komabe tisadzinamize kuti zonse ziri cimodzimodzi. Iye anafuna unamwino, ndipo akanautha. Pamene mai wa pakati afika ku cipatala usiku napeza namwino mmodzi wotopa, wosamalira anthu makumi, pamenepo pali malo a munthu amene anatsala mu kalasi 9. Sanataye yekha. Tinataya mudzi wonse, ngakhale iwo amene anati "anasankha yekha."

Inu amene mukuwerenga tsamba lino, ambiri muli ndi ana akazi kapena zidzukulu m'kalasi 7, 8 kapena 9. Tsoka lija likagwa pakhomo panu, dziwani kuti lero mtsikana wa pakati ali ndi ufulu wokhala m'kalasi la masana pamodzi ndi anzace, ndipo akacira angathe kubwerera. Koma lamulo silibereka mwana kumsana. Pafunika agogo kapena azakhali obvomera kulera khandalo kuyambira m'mawa mpaka masana. Kumeneko ndi kucotsa khasu limodzi m'munda, nthawi ya kupalira, pamene manja ali ocepa kale. Tikudziwa kuti ndi mtengo wowawa. Wina adzati kumpereka kwa mwamunayo nkwapafupi, pakamwa pamodzi pacepa. Nkwapafupi caka cimeneco. Funsani amai amene anaperekedwa cotero zaka khumi zapitazo ngati kunali kwapafupi kwa iwo.

Caka catha mnzathuyu anatiitanira kuseri kwa matumba ace, natifunsa motsitsa mau ngati munthu wa ana atatu angathe kulembanso mayeso. Tinamuuza kuti pali maphunziro a sekondale ochedwa PESD, amene munthu amawerenga ali kunyumba nkumapita kukaonana ndi aphunzitsi masiku ena okha, ndipo akulu a sukulu angamuuze kolembetsa. Tinamtengera mabuku athu akale a kalasi 9, ndi kumcenjeza kuti zina zinasintha. Iye anati manambala sasintha. Anasankha la masamu, nalikulunga m'citenje, naliika pamwamba pa dengu. Kulembetsa sanalembetse. Akuti ayambe walankhula ndi bambo a kunyumba, ndiponso wamng'onoyo akali kuyamwa.