Wezulo ya m'mudzi

Madzulo a tsiku la maliro, kumphala ina m'dera la Mfumu Kanduku ku Mwanza, mnyamata ankasenda nachesi n'kumaponya makoko pamoto, nkhope itagwa. Malemu amene anaikidwa tsikulo anali wotseka kumbuyo m'timu ya m'mudzi, miyendo italema anakhala woyimbira mpira, ndipo anasiya mkazi, ana ndi zidzukulu.

"Agogo, matamando onse aja pamanda anali a chiyani? Malemuwa jezi ya Flames sanaivalepo, Bullets kapena Wanderers sanaiyandikire n'komwe. Ngakhale pa wailesi dzina lawo silinamvekepo."

"Mdzukulu wanga, amene amatchulidwa pa wailesi ndimawalemekeza. Jack Chamangwana atamwalira mu 2018 dziko linalira, ndipo kunali koyenera, pakuti anatchinga kumbuyo kwa Wanderers, anali m'gulu la Flames imene inapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, anakafika mpaka ku Kaizer Chiefs. Koma tafunsa kumene akatswiri amachokera. Gabadinho Mhango, amene anaponya mpira uja kuchokera kutali n'kugoletsa Morocco mu January 2022, kwawo ndi ku Rumphi. Tabitha ndi Temwa Chawinga kwawonso ndi ku Rumphi, ndipo Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ku America mu 2024. Boma la Rumphi ndi lakumudzi ngati Mwanza yathu ino. Mwana sachoka pa mpira wachikulunga n'kufika kumeneko popanda munthu wodula mitengo ya magolo, wothira phulusa m'mizere ya bwalo, wosonkhetsa ndalama ya galimoto, woima pakati ndi wezulo kuti masewero asasanduke ndewu. Malemu anali munthu ameneyo."

Mnyamata anapukusa mutu. "Koma agogo, oyimbira ndi anthu okondera. Ena amalandira kangachepe, n'chifukwa chake masapota amawathamangitsa."

Mawu amenewa si opanda pake, ndipo mkuluyo sanawakane. Oyimbira adyera alipo. Komabe amene amanyoza onse pamodzi sanaganizepo za kulemera kwa wezulo ya m'mudzi. Woyimbira wa pa Kamuzu Stadium ali ndi apolisi, ndipo masewero akatha amapita kwawo kumene masapota sakudziwako. Wa kumudzi alibe mpanda, alibe wapolisi, alibe makina obwereza zimene zachitika. Mnyamata amene wamuonetsa khadi lofiira ndi mwana wa mlamu wake. Timu imene waipatsa penate mphindi yomaliza ndi ya tsidya la mtsinje, ndipo mawa lake akumana ndi anthu akwawo kuchigayo, kutchalitchi, pamsika wa manachesi m'mbali mwa msewu wa ku Zobue. Munthu wokondera sakhalitsa pa ntchito yotere, chifukwa mudzi suiwala. Akamaitanidwabe chaka ndi chaka, ndi matimu omwe anawalangapo, ndiye kuti anthu anamuyesa n'kumupeza wolungama. Ine ndikuona kuti umboni umenewu ndi wolemera kuposa chikho, pakuti chikho chimabwera ndi mwayi wa tsiku limodzi, pomwe chikhulupiriro cha anthu chimatenga zaka.

"Nanga banja?" anafunsanso mnyamatayo. "Amayi amati mpira umalanda abambo pakhomo."

"Amayi ako sakunama. Alipo amene amathawira kubwalo munda uli thengo, akachoka kumeneko n'kudutsira kumowa. Koma unaona ndani ananyamula bokosi lero? Ana ake owabereka mbali iyi, anyamata amene anawaphunzitsa mpira mbali inayo, mpaka anachita kulandizana. Munthu uja ankapita kubwalo atachoka kumunda, ana ake anaphunzira, ndipo wosewera akathawa sukulu ankamuchotsa m'timu mpaka abwerere m'kalasi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iye sanangonena pakamwa."

Chodandaulitsa n'chakuti anthu otere timawatamanda tsiku limodzi lokha, bokosi lili patsogolo. Andale amabwera ndi bonanza chisankho chikayandikira, dzina lawo n'kulembedwa pa chikho ndi pa jezi, koma amene anasunga bwalo zaka zonse zapakati satchulidwa. Palibe chimene chikuletsa makomiti a masewero m'boma lino kutcha chikho dzina la woyimbira wawo, kapena kusunga kope la mayina ndi zithunzi za matimu akale, eni ake asanathe.

Mkuluyo anasonkhezera chikuni. "Loweruka kuli masewero, ndipo palibe woyimbira. Malamulo ukuwadziwa, ndakhala ndikukumva ukutsutsa anzako pano. Matenga akatha upite kwa mayi amasiye aja, ugwade, ukapemphe wezulo ija."