Ukaona Poyamba, Ndi Cako Wekha?

Pa 9 October 2022, ceza camphamvu ca gamma cinafika padziko lapansi kucokera ku nyenyezi yaikulu imene inaphulika kutali kwambiri. Cinali citayenda zaka pafupifupi 1.9 biliyoni. Akatswiri anacha kuphulikaku GRB 221009A. Zipangizo za Fermi, setilaiti yaikulu ya NASA, zinathobwa m'maso ndi ukali wake. Koma GRBAlpha, kasetilaiti ka masentimita 10 mbali iliyonse, kanayeza pacimake penipeni osathobwa. Zimene kanayeza sizinabisidwe, zinatumizidwa kwa onse.

Umu ndi mmene nchitoyi imayendera. Kuphulika kotere kumatha m'masekondi kapena mphindi zocepa. Setilaiti ikangokuona, uthenga umafalitsidwa pa netiweki yochedwa GCN, ndipo matelesikopu odziyendetsa okha pansi pano amatembenukira komweko osadikira munthu. Mu January 1999, telesikopu ya ROTSE-I ku New Mexico inayamba kujambula patangopita masekondi 22. Setilaiti imaona ceza ca gamma, koma mtunda wake umadziwika ndi kuwala kotsalira kumene matelesikopu apansi amagwira. Wobisa nkhani kuti atamandidwe yekha angatsale ndi theka la cidziwitso.

Nanga ife m'komboni? Mnzathu akamva kuti kwinakwake akulemba anthu nchito, kapena kuti bursary yatseguka, nthawi zambiri amakhala cete mpaka tsiku lotsekera litadutsa. Kodi walakwa?

Ali ndi yankho lomveka. Kuwala kwa nyenyezi sikucepa ukagawana, koma malo a nchito ndi amodzi, ofuna ndi mazana, ndipo kunyumba akudikira ndalama ya lendi. Sindingamuweruze mopepuka.

Komabe taganizirani ici. Setilaiti yozungulira pafupi ndi dziko siona thambo lonse nthawi imodzi, cifukwa dziko lenilenilo limaichinga mbali ina. Lero yaona iyi, mawa idzaona ina. Ifenso n'cimodzimodzi. Mwayi umene mwauona lero unangopezeka kumene munayang'ana. Wa mawa udzatulukira kumbuyo kwanu, ndipo mudzaumva kokha ngati wina asankha kukuuzani. Komboni imene aliyense amabisa, aliyense amaona kagawo kake kokha.

Kuuza mnzanu kungakutayitseni malo amodzi, zimenezo n'zoona. Koma kubisa kumaphunzitsa onse okuzungulirani kubisa. Uthenga uja uli pa foni yanu, ndipo tsiku lotsekera likuyandikira. Mutumizira ndani?