Kodi Wosowa Ntchito Ali ndi Mlandu?

Anthu akaona mwamuna wamphamvu ali khale pakhonde dzuwa lili paliwombo, msanga aweruza kuti ndi mlesi. Nthawi zina atero moona, pakuti alesi alipodi. Koma kawirikawiri chiweruzo chotere chilakwa, chifukwa oweruzawo aiwala kumene ntchito ya malipiro ichokera.

Wolima munda wake asowa khasu ndi mvula basi. Wolembedwa ntchito asowanso chinthu china chimene sichili m'manja mwake, ndicho wogula. Bwana salemba munthu chifukwa cha chifundo, koma chifukwa ayembekeza kugulitsa chimene munthuyo apanga. Ogula akaleka kugula, ntchito ifa, angakhale wantchitoyo akhale wakhama ngati njuchi.

Taonani zimene zinachitika ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zambia. M'chaka cha 1929 malonda anagwa ku New York. Mafakitale a ku America ndi ku Ulaya anachepetsa kupanga katundu, naleka kufuna mkuwa, ndipo mtengo wake unatsika koopsa. Mu 1931 migodi ya Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inatsekedwa. Anthu akuda ogwira ntchito kumigodi, amene mu 1930 anali ngati 30,000, anatsala ngati 7,000 pofika 1932. Kodi amuna zikwizikwi aja anasanduka alesi tsiku limodzi? Iai ndithu. Ambiri a iwo New York sanamumvepo ndi dzina lomwe.

Tsoka silinathere pachipata cha mgodi. Wochotsedwa analeka kugula malaya, telala nasowa chosoka. Telala analeka kugula nsomba, msodzi nabwerera nazo. Ndalama imene wina awononga ndiyo malipiro a mnzake, kotero ulova ubala ulova. Ena ati mankhwala ake ndi kutsitsa malipiro kuti mabwana alembe ambiri. John Maynard Keynes, katswiri wa zachuma wa ku England, anaonetsa mu 1936 kuti malipiro a onse akatsika, ogulanso asauka, ndipo nthenda ingathe kukula.

Mlandu tsono uli pa yani? Wokana ntchito ilipo ali nawo wake. Koma wofunafuna osaipeza, amene wayenda mpaka zidendene kung'ambika, alibe mlandu. Kumutcha mlesi ndiko kumnamizira, ndipo kunamizira mnzako ndi tchimo ngakhale kuchitike moseka pabwalo. Amuna a kumigodi aja anabwerera kwao wapansi, manja ali lende, napeza boma likufunabe msonkho wake.