Kodi Woiwala Ndiye Mfiti?

Nkhalamba ikapezeka usiku pakhomo pa eni, yosadziwa njira ya kwao ngakhale dzina la mwana wace, ambiri amati yagwa paufiti. Abale, tisafulumire kuweruza. M'caka ca 1906 dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza nthenda ya ubongo imene imadzetsa kuiwala kotere.

Inu a ku Msanzala, mperekezeni wotereyo ku cipatala ca Petauke, Minga kapena Nyimba. Kumeneko dotolo amfunsa tsiku ndi malo, namchulira zinthu zitatu kuti azibwereze patapita kanthawi. Afunsanso acibale kuti kuiwalako kunayamba liti. Pakuti kusokonezeka kwadzidzidzi kungacokere ku malungo, ndipo kumacizika. Koma kuiwala kumene kwakula pang'onopang'ono zaka zambiri, kawirikawiri kulibe mankhwala okucotseratu.

Nanga wosacirayo waleka kukhala munthu kodi? Iai. Khanda silidziwa dzina la amace, koma palibe alitaya kuthengo. Nkhalamba ikaiwala kuti ndife ana ace, ife sitinaiwale kuti ndiyo inatibala. Mangawa a cikondi atsalira iye amene akali kukumbukira.