Za Mphatso ya Bwana kwa Wantchito Wake

Mwezi wa Disembala ukafika, eni ntchito a m'mbali mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, amayamba kulingalira za chija anthu achitcha Khrisimasi bokosi. Mwini hotela aganizira ophika ndi alonda, mwini chilimira aganizira alovi ake, ndipo mayi wa pakhomo aganizira mtsikana womlerera ana. Mwambowu ndi wokoma ndithu, koma munthu asanapite kusitolo ayenera kudzifunsa kuti: kodi chinthu chopatsidwa chikhala mphatso yoona pa chifukwa chanji?

Choyamba, mphatso iyamba pamene ngongole yathera. Malipiro ndi chuma cha wantchito chimene bwana wangochisunga m'thumba mwake, koma mphatso ndi chuma cha bwana chimene iye achipereka popanda womkakamiza. Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum ya chaka cha 1891, anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga moyo wa wantchito, ndi kuti munthu wovomera malipiro ochepa chifukwa cha usiwa kapena mantha wachitidwa chosalungama. Aepiskopi a m'Malawi nawonso, m'kalata yawo ya pa Lenti ya 1992, anadandaula za kuchepa kwa malipiro a anthu wamba. Tsono bwana amene wamana mlonda malipiro a miyezi iwiri, nampatsa nkhuku pa Khrisimasi, wangobweza kachigawo ka ngongole, nafunanso kuti amthokoze.

Chachiwiri, mphatso isasanduke chingwe. Mbiri ya dziko lino ichenjeza za ichi. Mawu akuti thangata kale anatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma pa minda ya Azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anasanduka dzina la ntchito yokakamiza, kufikira inathetsedwa mu 1962. Chimodzimodzi mphatso ingathe kusungabe dzina lake lokoma itataya kale mtima wake. Mwini boti amene apatsa mlovi malaya kuti mloviyo achite manyazi kufunsa gawo lake la nsomba wagula pakamwa pa mnzake. Zoonadi makolo anati kupatsa n'kuika, koma chimene munthu aika popatsa ndicho chibale, ndipo chibale sichilembedwa m'buku la ngongole.

Chachitatu ndicho chovuta koposa: mphatso iulula ngati bwana amdziwa munthu amene amgwirira ntchito. Ku nyanja Disembala si mwezi wa mwanaalirenji. Pa chilumba cha Mbenji, mwa lamulo la Mfumu Makanjira losungidwa kuyambira zaka za m'ma 1950, usodzi utsekedwa m'mwezi womwewu kufikira mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mlovi amene adya za pa tsikulo abwerera kumudzi manja ali m'khosi. Nkhokwe zayamba kupepuka, munda ufuna mbewu ndi feteleza, ndipo mu Januwale ana afuna makope ndi yunifolomu. Kwa munthu wotere thumba la chimanga, kapena mpunga wa ku Lifuwu ndi mafuta ophikira, liposa kutali koloko ya pakhoma yolembedwa dzina la kampani. Ngakhale ndalama sizichititsa manyazi, pakuti mwini nyumba ndiye adziwa podontha denga lake.

Kumdziwa munthu ndi kudziwanso chimene iye alemekeza. Antchito ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Salima ndi Asilamu. Kupatsa wotere nyama ya nkhumba kapena botolo la mowa ndi kumuuza kuti zaka zonsezi bwana sanamuone konse. Bwana wanzeru akumbukira kuti tsiku lalikulu la wantchitoyo ndi Idi, nampatsa pa nthawiyo mpata wokhala ndi banja lake. Nayenso wophika wa m'hotela, amene pa Khrisimasi aphikira alendo ochokera ku Lilongwe kufikira usiku, angakondwere ndi tsiku limodzi la kupuma koposa nsalu.

Wina angatsutse nati: bwana wa antchito makumi asanu sangadziwe nyumba ya aliyense, ndipo kusiyanitsa mphatso kubala nsanje. Mawuwa ali ndi nzeru. Mtengo wa mphatso ukhale wofanana kwa onse, kuti wosesa asaone ngati wachepetsedwa pamaso pa kalaliki. Koma mtundu wake ungathe kusiyana, ndipo kufunsa sikuvuta. Amene alephera kufunsa anthu makumi asanu chimene asowa, kamodzi pa chaka, sanalepherepo kuwawerenga m'mawa uliwonse polowa ntchito.

Chotero mwini ntchito wofuna kupatsa bwino ayambe walipira zonse zimene ali nazo ngongole, kenaka afunse ndi kumvetsera, ndipo potsiriza apereke ndi manja awiri, monga apatsira mlendo wolemekezeka, osayembekeza kuti wolandirayo amgwadire.