Tepi yakuda siyokwanira pansi pa boneti

Galimoto zambiri zimene tikuyendera m'Malawi muno zinayamba zatumikira eni ake ena ku Japan, kenako n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Kuti injini ya Corolla kapena ya Hiace ndi yopirira, palibe angatsutse. Chimene chimakalamba osaonekera ndi mtolo wa mawaya umene umayanga pamwamba pa injiniyo, wolumikiza batire, alternator, masensa ndi kompyuta ya galimoto. Chokutira chake chimauma, chimang'aluka, ukachigwira chimangoyoyoka. Zikafika apa, mwini galimoto amathamangira ku hadiweya kukagula tepi yakuda ya magetsi, makaniko n'kukulunga mtolo wonse kuyambira ku batire mpaka ku nyali. Chizolowezi chimenechi ine sindigwirizana nacho, chifukwa ndalama imene timati tapulumutsa timadzailipira kawiri.

Vuto lagona pa kutentha. Tepi yakuda wamba ndi pulasitiki ya PVC yopakidwa guluu mbali imodzi, ndipo yambiri imapirira madigiri 80 basi. Yapamwamba, monga Super 33+ ya kampani ya 3M, imafika pa 105. Koma madzi a mu injini yoyenda bwinobwino amakhala cha m'ma 90, ndipo paipi ya ekizozi pamene yangochoka pa injini imatentha madigiri mazana angapo. Onjezeranipo dzuwa la Okutobala ku Chikwawa, kapena mdipiti wa galimoto zongokwawa mumsewu wa Masauko Chipembere madzulo, mpweya usakulowa pansi pa boneti. Guluu uja amasungunuka, tepi imatsetsereka, nsonga yake imamasuka n'kumalendewera pafupi ndi lamba wa fani. Oyilo ndi fumbi zikasakanikirana ndi guluuyo, mawaya onse amasanduka akuda ndi onata ngati ulimbo. Makaniko wodzabwera pambuyo sathanso kusiyanitsa waya wofiira ndi wabulauni, choncho amayamba kulota, kudula apa n'kulumikiza apo. Mavuto ambiri a magetsi amene timanamizira ukalamba wa galimoto amabadwira pamenepa.

Opanga galimoto sakulunga mtolo wonse ndi chinthu chimodzi. Amayang'ana malo. Pa injini amagwiritsa ntchito tepi ya nsalu yolukidwa ndi ulusi wa poliyesitala, monga Tesa 51036, imene imapirira madigiri 150 ndipo siperepeseka msanga ikamakhula chitsulo. M'kati mwa galimoto, kuseri kwa dashibodi, amaikamo tepi yofewa yaubweya monga Tesa 51608, yothetsa phokoso la mawaya ogundagunda. Ziwirizi zimafanana pozionera patali, ndipo ambiri amazisokoneza. Yaubweyayo ukaiika pa injini imamwa madzi ndi oyilo n'kusunga chinyezi pa mawaya omwewo umafuna kuteteza.

Chimandichititsa chidwi n'chakuti galimoto zambiri za ku America za m'ma 1960 mawaya ake ankakulungidwa ndi tepi ya pulasitiki yopanda guluu n'komwe. Inkagwira chifukwa choikoka ndi kuisanjikiza, nsonga yokha ndiyo inkamangidwa. Mtolo wotero umapindika mosavuta, ndipo ukaumasula patapita zaka zambiri mawaya umawapeza oyera, mitundu yake ikuoneka. Amisiri amenewo ankaganizira munthu amene adzatsegule ntchito yawo mtsogolo, ndipo ndi maganizo amenewa amene ndikufuna atabwerera m'magalaja athu.

Pamene mtolo ukudutsa pafupi ndi chitsulo chakuthwa, tepi payokha siithandiza. Pamafunika kapaipi kapulasitiki kamizeremizere kong'ambidwa m'litali, ndipo pa injini kakhale ka nayiloni, chifukwa kotchipa kaja kamauma n'kuphwanyika. Pafupi ndi ekizozi pamafunika chovala cha ulusi wagalasi chokutidwa ndi aluminiyamu, kapena kungousuntha mtolowo kuti utalikire moto. Malegeni ndi abwino pomanga katundu pa njinga, koma pa injini oyilo amawafewetsa, kutentha n'kuwadula.

Chokulunga chilichonse chili ndi ngozi imodzi: chimabisa. Eni Mercedes-Benz za kumayambiriro ndi pakati pa zaka za m'ma 1990, monga W124 ndi W140, anaona zimenezi. Khungu la mawaya a pa injini linkauma n'kusanduka ufa, mawaya amaliseche n'kumakhudzana m'kati mwa mtolo wooneka wabwinobwino kunja. Apo palibe tepi imene ingapulumutse, mawayawo ngofunika kusintha. Ndiye musanakulunge, pindani waya uliwonse ndi zala. Ukang'aluka, uchotseni, muikepo wa kopa weniweni wonenepa mofanana, osati wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Polumikiza, makaniko asangopota ndi zala ayi. Afinye ndi kachitsulo kolumikizira kapena awotcherere ndi solda, n'kuvekapo kachubu kofota ndi kutentha. Mfundozo zisakhale pamalo amodzi, zitalikirane. Ndipo musanamasule chokutira chakale, jambulani mtolowo ndi foni ndi kumanga pamphanda paliponse, kuti nthambi zidzafike pamene zinkafika.

Wina anena kuti, "Zonsezo n'za kunja, ku Biwi kapena ku Ndirande tizipeza kuti?" Funsoli ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Komabe ndife omwewo amene timaitanitsa giyabokosi ku Dubai kapena ku Johannesburg. Kampukutu ka tepi ya nsalu kangalephere bwanji kukwera nawo m'katoni yomweyo? Mapaipi a nayiloni ndi zovala zoteteza kutentha zilipo mbwee pa galimoto zophwasulidwa, zimangotayidwa anthu atazula masipeya. Ngati zonse zakanika, tepi yabwino ya PVC ingagwire ntchito kutali ndi injini, bola aikulunge mosanjikiza theka ndi theka ndipo nsonga yomaliza asaikoke, kuti isadzabwerere m'mbuyo.

Mlandu waukulu ndikuuika pa ife eni galimoto. Timanenerera mtengo mpaka makaniko atsale ndi ya tepi yotchipa yokha, kenako timamuimirira pamsana kuti amalize dzuwa lisanalowe. Ntchito yomasula mtolo, kupukuta waya uliwonse, kuuyesa ndi kuukulunganso imadya tsiku lathunthu, mwinanso awiri. Makaniko akakuuzani kuti galimoto igone pa galaja, isiyeni igone, ndipo mumulipire za masiku onsewo.