Phunziro: Mai Woledzera ndi Bala Losaoneka

M'Buku Loyamba la Samuele timawerenga za mai wina dzina lace Hana. Iye analibe mwana, ndipo mkazi mnzace Penina anali kumsautsa caka ndi caka. Tsiku lina ku Silo, m'nyumba ya Mulungu, Hana anali kupemphera camumtima, milomo ili kugwedera koma mau osamveka. Wansembe Eli anamuyesa woledzera, namdzudzula. Hana sanamwe kanthu; cimene Eli anaona cinali cisoni. Wansembe wa Mulungu anaweruza asanafunse.

Mai amene tikunena lero amamwadi. Mukumdziwa: dzuwa lisanakwere ali kale pa kacasu, kapena ali kusuta camba, usiku sagona, alankhula yekha, atha masiku osasamba. Ena amati ndi wamisala, ena amati anamlodza. Koma ndani wa ife anafunsapo cimene cinamgwera?

Ambiri mwa amai otere anapwetekedwa kale. Wina anagwiriridwa ali mtsikana, ndi munthu wa pabale pomwe. Wina anamenyedwa ndi mwamuna wace zaka zambiri. Agogo ena anaona zosasimbika pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mfuti zinaleka kulira, koma thupi siliiwala: citseko cikamenyetseka, mtima uthamanga, manja anjenjemera, munthu ayesa kuti tsiku lija labweranso. Mowa umpatsa tulo ta maola ocepa, ndico cifukwa cace abwererako. Ukatha m'thupi, mantha ndi cisoni zikula koposa kale, ndipo afuna wocuruka.

Musayese kuti mantha otere ndi kusowa cikhulupiriro. Josefina Bakhita Woyera, wa ku Sudan, anagwidwa ukapolo ali mwana, ndipo mantha anamuiwalitsa ngakhale dzina limene makolo ace anampatsa. Anatumikira Mulungu ngati sisitere zaka 50. Komabe pakumwalira ku Schio, m'dziko la Italy, mu 1947, anayesa kuti alinso mu unyolo, napempha womdwazika kuti aumasule. Ameneyu ndiye amene Papa Yohane Paulo Waciwiri anamlemba m'gulu la oyera mu 2000.

Kuledzera ndi koipa, ndipo Eklezia sanasinthe mau ace pa ici. Koma mai wotere akadza pakati panu, musayambe ndi cidzudzulo. Yambani ndi kufunsa ngati ali ndi pogona popanda womumenya. Kumenya mkazi ndi chimo, ndiponso ndi mlandu m'lamulo limene dziko lathu linakhazikitsa mu 2009. Wakumbwezera kwa womumenya ndi mau akuti "Pirirani, ndiwo ukwati" sanayanjanitse banja ai, wampereka.

Wokamba naye akhale mai mnzace amene iye mwini wamsankha, pa malo amene iye wafuna. Musamkakamize kufotokoza zakale. Akafuna, adzanena pa nthawi yace. Kumuimiritsa pamaso pa akristu kuti aulule, kummanga, kumgwira mwamphamvu kapena kumfuulira pompempherera, ndiko kumbwezera ku tsiku lija pamene analibe mphamvu yakukana. Mumfunse musanamsanjike manja. Akati iai, pempherani muli apo. Ndipo cimene wakuuzani cisafike kucitsime. Pa ici, ndinene poyera, ife akristu talakwa kawirikawiri: timati tikupempha anzathu ampempherere, pamene tili kumwaza cinsinsi cace.

Pemphero silicotsa nchito ya cipatala. Munthu amene wamwa kwambiri masiku onse akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa. Cifukwa cace musamtsekere m'nyumba kuti mowa umcoke. Pitani naye kucipatala, iye atavomera, ndipo kumeneko zinenedwe zonse ziwiri, za mowa ndi za maganizo, pakuti cimodzi cikasiyidwa cidzutsanso cinzace. Ngati ali ndi pakati, fulumirani, popeza mowa upweteka mwana m'mimba. Akanena zofuna kudzipha, musamsiye yekha. Cotsani mankhwala a m'munda ndi zingwe, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Ambiri amasiya, nayambanso kumwa, nasiyanso. Akayambanso, malo ace pa Misa asapatsidwe kwa wina, ndipo mai amene anamsankha uja apitenso kwace m'mawa mwace, atanyamula phala.